Bokosi la mbale zakale za nyimbo: tigulitse zonse pamodzi kapena tidikire?

"Bambo anga anamwalira chaka chatha. Pa unyamata wawo anagwirako ntchito ku Joni, kenako anakhala zaka zambiri ku migodi ya ku Kitwe asanabwerere kumudzi kuno ku Ntcheu. Pokonza m'nyumba mwawo tapeza bokosi lachitsulo lodzaza ndi mbale za nyimbo, zonse pamodzi 160. Zina ndi zikuluzikulu za m'zikuto za zithunzi, zina ndi timbale ting'onoting'ono, ndipo pafupifupi 20 ndi zolemera, zosachedwa kusweka. Muli za Jim Reeves zambiri, za ABBA, za smanjemanje, za kanindo, ndi zina za magulu a ku Zambia amene sindiwadziwa. Kwabwera bambo wina wochokera ku Lilongwe amene akufuna bokosi lonse pa K200,000, ndipo akuti tifulumire. Mlongo wanga akuti tigulitse, mwana wanga akuti anaona pa intaneti kuti mbale zakale ndi mamiliyoni. Ndimvere ndani?" — Mayi wa ku Ntcheu

Pepani mayi pa imfa ya bambo. Mtima ukhale m'malo: palibe chimene mwataya, ndipo palibe chimene mutaye mukawauza bambo a ku Lilongwewo kuti abadikira. Mbale zimene zakhala m'bokosi zaka 50 sizingawole chifukwa cha milungu inayi yowonjezera. Wogula akamakufulumizitsani, kawirikawiri amakhala kuti waonamo chinthu chimene inu simunachione, ndipo sakufuna kuti mufunse kwina. Sindikuti ndi wakuba ayi. Ndi wamalonda, ndipo wamalonda aliyense amagula motsika kuti akagulitse mokwera. Koma inunso muyenera kudziwa chimene mukugulitsa. Mlongo wanu ndi mwana wanu onse akunena zoona, aliyense mbali yake. Mwa mbale 160 zimenezi, zambiri ndi zoti ngakhale mutazinyamula mpaka ku London sizingakupatseni ndalama yooneka. Koma mukhoza kukhala zisanu kapena khumi zimene imodzi yokha ingapose K200,000 yonseyo, ndipo poti bambo anakhala ku Kitwe, amenewo si maloto. Ntchito yanu ndi kupeza zochepazo pakati pa zambirizo.

Choyamba kuchichotsa m'mutu ndi maganizo oti ukale ndiwo mtengo. Mtengo umabwera pakakumana zinthu zitatu: mbaleyo ikhale yosowa, pakhale anthu andalama amene akuifuna, ndipo ikhale yosakandikakandika. Chimodzi chikasowapo, mtengo umagwa. Taonani za Jim Reeves. Anthu ankamukonda kwambiri ku South Africa, ku Rhodesia ndi kuno kwathu, choncho mafakitale anadinda mbale zake zosawerengeka, ndipo nyumba iliyonse yokhala ndi gumbagumba inali nazo. Lero zili mbwee m'masitolo a katundu wakale ku Johannesburg ndi ku Ulaya, pamene ambiri amene ankazikonda anakalamba kapena anatisiya. Zimagulidwa pa dola imodzi kapena ziwiri. Za ABBA, Boney M, Kenny Rogers ndi Dolly Parton ndi chimodzimodzi. Nkhani za mamiliyoni zimene mwana wanu waona zilipodi, koma muzifunsa chimene chinakweza mtengowo. Mu December 2015 chimbale cha chikuto choyera cha The Beatles chinagulidwa pa madola 790,000. Chinali ndi nambala 0000001, ndipo mwini wake anali Ringo Starr, woimba ng'oma m'gululo. Chimbale chomwecho chodindidwa pambuyo pake, cha nyimbo zomwezo, chimapezeka pa mtengo wa nsapato wamba.

Yambani ndi kupatula mbalezo m'magulu atatu, pa mphasa yoyera, pamthunzi. Zikuluzikulu za masentimita 30 zija ndi za LP, zimazungulira maulendo 33 ndi pang'ono pa mphindi, ndipo zinayamba kutuluka mu 1948. Timbale ta masentimita 17 ndi theka, nyimbo imodzi mbali iliyonse, ndi ta 45, tinayamba mu 1949. Mitundu iwiriyi ndi ya pulasitiki yotchedwa vinyl, imene imapindika pang'ono mukaigwira. Zolemera zosachedwa kusweka zija ndi za 78, kawirikawiri za masentimita 25, zokhala ndi nyimbo ya mphindi zitatu mbali iliyonse. Zimenezi si pulasitiki ayi. Anazipanga ndi shellac, utomoni wochokera ku tizilombo tina ta ku India, wosakaniza ndi ufa wa miyala, ndiye chifukwa chake zimasweka ngati mbale yadothi. Muzizinyamula ndi manja awiri, imodziimodzi, ndipo musazisanjike pamodzi ndi zinazo. Ku Ulaya ndi ku America za 78 zinatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, koma kuno kummwera kwa Africa zinapitirira mpaka m'ma 1960, chifukwa anthu ambiri analibe magetsi ndipo ankadalira galamafoni yopukusa ndi dzanja.

Pa za 78 zimenezi werengani lebulo, kapepala kozungulira kapakati kaja. Ngati ndi magulu a azungu oimba nyimbo zovina kapena zamapemphero, mtengo wake ndi wochepa kwambiri, zikhale zakale bwanji. Koma mukaona Gallotone, Troubadour, Trek, kapena HMV ndi Columbia zokhala ndi nyimbo za Chinyanja, Chibemba, Chishona kapena Chizulu, ziikeni padera. Dzina ngati la Alick Nkhata, woimba wa ku Zambia amene ankagwira ntchito pa wailesi ya ku Lusaka ndipo ankaimbanso m'Chinyanja, ndi loti muliyang'anitsitse. Za ku Congo za malebulo a Ngoma, Opika ndi Loningisa zilinso ndi ozifuna. Msika wa za 78 ndi waung'ono, koma zina mwa nyimbo zimenezi sizipezekanso pena paliponse, poti mbale zake zambiri zinasweka kalekale.

Tsopano za ku Zambia, zimene mwati simukuzidziwa, ndipo pamenepa m'pamene ndikufuna muchedwepo. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Copperbelt ndi ku Lusaka ankaimba nyimbo za magitala aukali zimene masiku ano zimatchedwa Zamrock. Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo pafupifupi zonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, magulu anachuluka, ndipo mbale zawo zinkadindidwa ku Ndola, ku fakitale ya Teal Record Company. Zambiri zinatuluka pa lebulo ya Teal yomweyo kapena ya Zambia Music Parlour, kampani ya Edward Khuzwayo. Ankadinda zochepa, zongokwanira msika wa m'dzikomo. Kenako mtengo wa kopa unagwa, makaseti anabwera, oimba ambiri anamwalira m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo matepi oyambirira ambiri anatayika. Mbale zotsalazo zinatha ndi madansi, fumbi ndi chiswe. Patapita zaka zambiri, makampani akunja, makamaka Now-Again Records ya ku Los Angeles, anayamba kutulutsanso nyimbozi, ndipo achinyamata a ku America, Ulaya ndi Japan anazikonda. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Chinyanja ya Ngozi Family n'kuchiika m'nyimbo yake. Zinthu zitatu zija zakumana: mbale ndi zosowa, ozifuna ndi ambiri, ndipo zosakandika ndi zowerengeka.

Maina oti muwafunefune ndi awa: WITCH ndi Amanaz, magulu onse awiri a ku Kitwe komweko kumene bambo ankakhala, Ngozi Family kapena Paul Ngozi, Chrissy Zebby Tembo, Musi-O-Tunya, Rikki Ililonga, Keith Mlevhu, The Peace ndi Blackfoot. Chimbale cha Amanaz cha mu 1975 chotchedwa Africa, cha WITCH cha chaka chomwecho chotchedwa Lazy Bones, ndi cha Ngozi Family cha mu 1976 chotchedwa Day of Judgement, zikakhala zodindidwa ku Zambia nthawi imeneyo, zimagulidwa pa madola mazana angapo chimodzi ngati zili bwino. Ngakhale zokandika zimapeza ogula. Timbale ta 45 ta magulu omwewa musatipeputse. Zimbale za kalindula za m'ma 1980 sizifika pamenepo, komabe si zotaya.

Za kuno kwathu ndi nkhani ina. Malawi sanakhale ndi msika waukulu wa mbale. Nyimbo zambiri za oimba athu zinkajambulidwa pa matepi ku MBC n'kumaulutsidwa pa wailesi basi, osadindidwa. Timbale tochepa tinatuluka pa lebulo ya Nzeru chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970. Mukaona dzina limeneli, kapena la Jazz Giants, Morson Phuka, kapena Daniel ndi Donald Kachamba, kambale kameneko kasungeni ngati dzira. Mtengo wake ndi wovuta kuutchula chifukwa timagulitsidwa mwa apo ndi apo, ndiye palibe malonda ambiri ofanizira. Maganizo anga ndi akuti timeneti musathamangire kutigulitsa n'komwe. Kakachoka m'dziko muno kapita basi, ndipo mwina ndi kokhako kamene katsala.

Za kanindo ndi timbale ta ku Kenya, todindidwa ku Nairobi. Dzinalo linachokera kwa Phares Oluoch Kanindo, amene ankatulutsa nyimbo za benga pa lebulo ya dzina lake, ndipo anthu kuno ndi ku Zimbabwe anangotchula nyimbozo ndi dzina limene ankaliwerenga pakambale. Tili ndi otifuna, koma mtengo wa kamodzi nthawi zambiri ndi madola ochepa mpaka makumi angapo, ndipo vuto lake n'loti timeneti ndi timene tinkavinidwa usiku wonse, choncho tambiri tinatheratu. Smanjemanje ya Mahotella Queens ndi anzawo pa malebulo a Motella ndi Gumba Gumba inadindidwa yambiri, mtengo wake ndi wapakatikati. Jazi wa ku South Africa wa m'ma 1960 ndi 1970 ndiye amakwera, makamaka wa lebulo ya The Sun. Ndipo musanataye mtima ndi za azungu zija, onani kumene zinadindidwa. Alipo anthu amene amatolera mbale zonse za gulu limodzi kuchokera m'dziko lililonse, ndipo kwa iwo chimbale cha The Beatles kapena Queen cholembedwa kuti chinapangidwa ku Rhodesia, Zimbabwe kapena Zambia ndi chosowa kuposa cha ku England.

Mukapatula zofunikazo, zingakhale 30 kapena 40, tengani kope ndi foni. Pa mbale iliyonse lembani dzina la woimba, dzina la chimbale, lebulo, dziko, chaka ngati chalembedwa, ndi nambala yake, imene imakhala pa lebulo ndi pa chikuto. Pali nambala inanso imene ambiri saidziwa. Pakati pa nyimbo yomaliza ndi lebulo pali malo osalala. Mukapendeketsa mbaleyo pa kuwala muona timalemba ndi timanambala tozokotedwa m'pulasitikimo. Timeneti ndi timene timasiyanitsa chodindidwa koyamba ndi chodindidwa kachiwiri, ndipo ogula odziwa amafunsa timeneti asanatchule mtengo. Onetsetsaninso kuti mbale ili m'chikuto chake chenicheni, poti kumadansi ankangolowetsa m'chikuto chilichonse chimene chili pafupi. Jambulani zithunzi zinayi pa chimbale chilichonse: kumaso kwa chikuto, kumbuyo kwake, ndi lebulo ya mbali zonse ziwiri. Chikuto chokhala ndi timizere ta barcode ndi cha kuyambira chakumapeto kwa m'ma 1970 kupita mtsogolo, choncho chimbale cha Zamrock chokhala nato ndi chotulutsidwanso posachedwa, chimene mtengo wake ndi wa m'sitolo.

Kenako pamabwera chimene chimagwetsa anthu ambiri mphwayi: mmene mbaleyo ilili. Ogula padziko lonse amagwiritsa ntchito muyeso wa magazini ya Goldmine. Pamwamba penipeni pali Mint, yopanda chilema chilichonse, kenako Near Mint, yonyezimira ngati yangotuluka m'sitolo. Pansi pake pali VG+, ya timikwingwirima topepuka tosamveka poimba. Kenako VG, imene zokandika zake zimaoneka ndipo imathetheka pang'ono koma nyimbo ikumveka bwino. Kenako G+ ndi G, imene imaimba mpaka kumapeto osadumpha koma phokoso lili ponseponse. Pansi penipeni pali yodumpha, yosweka kapena yopindika. Mwa chizolowezi, VG+ imagulidwa pa theka la mtengo wa Near Mint, VG pa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo G pa gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye chimbale chimene mwana wanu waona pa madola 400, chanu chikakhala G, werengerani madola 40 mpaka 60. Poyesa, gwirani mbale m'mphepete pafupi ndi zenera, muipendeketse uku ndi uku. Pamene mwaona mkwingwirima, yendetsani chikhadabo pang'onopang'ono. Chikhadabo chikakodwa, singano nayo idzakodwa ndipo padzamveka. Kunena zoona, mbale zambiri zochokera m'mabokosi a kumudzi zimakhala VG kapena G, ndipo ndi bwino kudziyesa motsika kusiyana ndi kukangana ndi wogula pambuyo pake. Dzina la bambo lolembedwa ndi bolopeni pa lebulo limatsitsa mtengo pang'ono, koma musayese kulifufuta, mungang'ambe pepala. Ogula mbale za kuno anazolowera zimenezi. Chikuto chimayesedwa pachokha, ndipo chikuto chabwino cha chimbale chosowa chili ndi mtengo ngakhale mbale yake itasweka, choncho musataye chilichonse.

Mtengo weniweni muupeza pa Discogs, tsamba la pa intaneti limene linayamba mu 2000 ndipo lili ndi mndandanda wa mbale mamiliyoni. Mwana wanu atsegule akaunti, ndi yaulere, alembe nambala ya mbale ija, asankhe chodindidwa chofanana ndendende ndi chanu, dziko ndi lebulo zomwe. Pamenepo aona mtengo wotsikitsitsa, wapakati ndi wokwera kwambiri umene anthu analipiradi, tsiku limene chinagulidwa komaliza, ndi chiwerengero cha amene ali nacho ndi amene akuchifuna. Ofuna akakhala ochuluka kwambiri kuposa okhala nacho, mwagwira chinthu. Tsamba lina, Popsike, limasunga mitengo ya malonda opikisana a pa eBay, msika wa pa intaneti. Cholakwa chachikulu ndi kuona mtengo umene wina akupempha n'kuuyesa mtengo wa mbale. Munthu akhoza kulemba madola 1,000 pa chimbale cha Jim Reeves, chikhala pomwepo mpaka kalekale. Muziyang'ana zimene zinagulidwa, muyambire pa mtengo wapakati, kenako mutsitse malinga ndi mmene yanu ilili.

Za kutsuka, chenjezo liyambe. Mbale zambiri zimaonongeka m'manja mwa ozikonda amene akufuna ziwale. Musagwiritse ntchito sipiriti, parafini, polishi, mafuta, sopo waufa, kapena nsalu yokhakhala. Pa za 78 mowa kapena sipiriti ya mtundu uliwonse imasungunula shellac nthawi yomweyo, ndipo nyimbo imapita osabwereranso. Za vinyl zimatsukidwa chonchi. Pezani madzi osungunula aja othira m'batire ya galimoto, amene ndi madzi okhaokha, ndipo muwerenge botolo bwino kuti musagule asidi. Madzi a pamjigo amasiya mchere m'timizere. Mu theka la lita thirani madontho awiri okha a sopo wamadzi wotsukira ziwiya. Goneketsani mbale pa thaulo yoyera, nyowetsani kansalu kofewa kosasiya ulusi, pukutani mozungulira motsata timizere, osati modutsa, ndipo lebulo isanyowe. Tsukuluzani ndi madzi omwewo opanda sopo, pukutani ndi kansalu kena kouma, muiimike pamthunzi kwa ola limodzi isanalowe m'chikuto. Ikalowa yonyowa imachita nkhungu. Koma zija mwapeza kuti ndi zamtengo, ndingakonde mungozichotsa fumbi ndi kaburashi kofewa n'kuzisiya. Wogula wodziwa ali ndi makina ake otsukira ndipo amakonda kuilandira yafumbi kusiyana ndi yokwechedwa. Chikuto chong'ambika musachimate ndi selotepi kapena guluu. Chankhungu chiumitseni pamthunzi n'kuchipukuta ndi nsalu youma, muli panja.

Bokosi lachitsulo lija lazisunga ku makoswe, koma m'nyumba ya malata mu October limatentha ngati uvuni, ndipo kutentha ndiko kumapinditsa vinyl. Zichotsenimo. Ziimikeni chilili ngati mabuku, m'katoni yolimba, mosapanikiza komanso mosapendekeka, pa shelefu yotalikirana ndi pansi ndi khoma chifukwa cha chinyezi ndi chiswe. Kuzisanjika chogona ndiko kumaphwanya za pansi ndi kusindikiza mkombero pa zikuto. Musazikulunge m'mapulasitiki okhuthala onunkha aja, amasiya chifunga pa mbale chimene sichichoka. Yopindika kale musaisite kapena kuiyanika padzuwa pakati pa magalasi monga ena amanenera. Nthawi zambiri timizere timaphwanyika ndipo mbale imatheratu.

Mwina mufuna kumva nyimbo zimene bambo ankakonda, ndipo n'zoyenera. Koma ngati anasiya Supersonic yawo kapena gumbagumba ina, musaikepo mbale zofunika singano isanasinthidwe. Singano yotha imadula timizere ngati khasu, ndipo ulendo umodzi wokha ukhoza kutsitsa mbale kuchoka pa VG kufika pa G. Singano ya dayamondi imatha pakati pa maola 500 ndi 1,000 akuimba. Makina abwino amapondereza singano ndi magalamu awiri kapena pafupi ndi pamenepo, pamene timakina totchipa tokhala ngati sutikesi timapondereza ndi magalamu asanu kapena kuposa. Chizolowezi chakale choika ndalama yachitsulo pamwamba pa mkono kuti singano isadumphe ndicho chinapha mbale zambiri za kuno. Galamafoni yopukusa ndi ya za 78 zokha: mutu wake umalemera kuposa magalamu 100, ndipo ukhoza kuononga LP kapena 45 ulendo umodzi. Singano zake zachitsulo zinapangidwa kuti zizisinthidwa mbali iliyonse ikatha. Za 78 pa makina amagetsi zimafuna singano yakeyake yokulirapo.

Pogulitsa, dziwani kuti mtengo wa pa Discogs ndi umene wogula womaliza amalipira ku Ulaya kapena ku America, si umene ufike m'manja mwanu ku Ntcheu. Wamalonda wachilungamo amapereka pakati pa gawo limodzi mwa atatu ndi theka la mtengo umenewo pa mbale zabwino, ndi kangachepe pa zofala, chifukwa iye ndiye adzatsuka, adzatumiza, ndi kudikira wogula. Zimenezo si kubera. Kubera kumabwera pamene bokosi lonse lagulidwa pa mtengo wa zofala muli zosowa zisanu mkati, kapena pamene munthu wasankhamo khumi zabwino pa mtengo wofanana ndi zinazo n'kukusiyirani zosagulika. Njira imene ndimalangiza ndi yogawa pawiri. Zofala zonse zigulitseni pamodzi kwa aliyense amene wapereka bwino, ngakhale bambo a ku Lilongwe omwewo. Zosowazo, iliyonse ikhale ndi mtengo wakewake, ndipo mufunse anthu osachepera atatu. Ngati muli ndi wachibale wanu ku Johannesburg, Cape Town kapena ku UK, mtumizireni zithunzi akaonetse m'masitolo ogulitsa mbale zakale, awiri kapena atatu, osatchula mtengo iye poyamba.

Kugulitsa nokha pa intaneti kumabweretsa ndalama zambiri, koma kuli ndi minga yake. Tsamba ngati la Discogs limadula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, njira yolandirira ndalama imadulanso, ndipo wogulitsa watsopano amene alibe mbiri anthu amamukayikira. Konzani kaye njira yolandirira ndalama zakunja musanalengeze chilichonse, ndipo funsani mtengo wotumizira, poti nthawi zina umaposa mtengo wa mbale. Potumiza, tulutsani mbale m'chikuto chake kuti isachiboole m'mphepete paulendo, muziike pamodzi pakati pa makatoni olimba awiri mbali iliyonse, zisagwedezeke, ndipo mutumize mwa njira yokhala ndi nambala yolondolera. Za 78 zimafuna bokosi m'kati mwa bokosi lina, pakati pake mutafutsira mapepala. Chenjerani ndi amene akutumizirani chithunzi cha risiti ndalama zisanalowe, amene akuti walipira mopitirira ndiye mumubwezere zapamwamba, ndi amene akuti muyambe mwalipira wonyamula katundu wake. Katundu asachoke ndalama zisanaoneke mu akaunti yanu.

Pali nthawi zina zoti musapitirire nokha. Mukapeza mbale ya lebulo yolembedwa pamanja kapena pa taipi, yolemera, imene m'mphepete kapena pa bowo mukuoneka chitsulo, imeneyo ndi acetate, mbale yojambulidwa imodzi yokha kapena zochepa. Utoto wake wakuda umasuwa ndipo umatha ndi kuimba kochepa. Musaitsuke, musaiimbe. Chimodzimodzi ya 78 ya nyimbo za kuno imene yang'aluka koma zidutswa zilipo: sungani zidutswa zonse, akatswiri amatha kutengamo mawu. Ndiponso mbale ya ku Malawi kapena Zambia imene siikupezeka pa Discogs n'komwe, musaganize kuti ndi yachabe, nthawi zambiri zimatanthauza kuti ndi yosowa kwambiri. Pa zoterezi lemberani a National Archives ku Zomba, kapena International Library of African Music ku Rhodes University, ku Makhanda, nkhokwe imene Hugh Tracey anayambitsa mu 1954 ndipo ili ndi nyimbo zimene iye anajambula kuno dziko lidakali Nyasaland. Iwo sangakupatseni mtengo wa pamsika, koma angakuuzeni chimene muli nacho. Ndipo musanagulitse iliyonse yosowa, pezani munthu wa makina abwino aijambule pa kompyuta kuti banja likhale ndi mawu ake. Kujambula kosunga pakhomo ndi kwina, kugulitsa nyimbozo ndi kwina: kukhala ndi mbale sikukupatsani umwini wa nyimbo, ndipo za zimenezo mufunse a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo m'dziko muno.

Poti ichi ndi chuma cha masiye, khalani pansi ndi mlongo wanu ndi ena onse okhudzidwa kope lija litadzaza, aliyense aone mndandanda ndi mitengo yake, musanagulitse ngakhale imodzi. Bambo a ku Lilongwewo auzeni mwaulemu kuti banja likuwerenga kaye katundu, abwere pakatha mwezi. Akadzabwera, muwapatse kope, osati bokosi, ndipo muwapemphe alembe mtengo wawo pambali pa mbale iliyonse imene akuifuna. Mzere umene adzayambire kulemba udzakuuzani chimene anaona tsiku loyamba lija.